Land Cruiser 300 kapena Nissan Patrol: momwe mungasankhire musanatulutse ndalama

Mukafunsa mwini Land Cruiser kuti galimoto yabwino ndi iti, yankho mukulidziwa kale. Wa Patrol nayenso atamanda yake mpaka malovu kuuma. Mkanganowu ndi wakalekale, poti galimoto ziwirizi zinabadwa chaka chimodzi ku Japan. Mu 1951 Nissan inatulutsa Patrol yoyamba, ndipo Toyota inatulutsa galimoto yomwe inkatchedwa BJ, imene inadzapatsidwa dzina la Land Cruiser mu 1954. Kuyambira nthawi imeneyo zakhala zikulimbirana ogula omwewo.

Pano tikuyika pamodzi Land Cruiser 300, yomwe inatuluka mu 2021 kulowa m'malo mwa Land Cruiser 200, ndi Patrol ya mtundu wa Y62, yomwe inaonetsedwa koyamba ku Abu Dhabi mu 2010 ndipo yakhala pamsika zaka zoposa khumi. Zonse ndi zimphona, zonse zili ndi chasesi yapayokha imene bodi imakhalapo, zonse zili ndi magiya amphamvu okwerera mapiri ndi kudutsa m'matope. Mukaziona zitaima pamodzi mungati n'chimodzimodzi. Kusiyana kwake kumaoneka mukatenga cholembera ndi pepala, ndipo ndi kumene tiyambire.

Choyamba: lembani ntchito imene galimotoyo izikagwira

Musanapite kukaona galimoto iliyonse, khalani pansi mulembe zinthu zinayi. Mumayenda makilomita angati pachaka? Mwa makilomita amenewo, ndi angati a pamsewu wa phula ndipo ndi angati a m'fumbi, mumchenga kapena m'miyala? Mumanyamula anthu angati masiku ambiri? Muzikoka ngolo, boti kapena kalavani, ndipo ikadzaza imalemera bwanji?

Lembani zoona. Ambiri amagula galimoto yamtunduwu akulota ulendo umodzi wa m'tchire umene amayenda kamodzi pachaka, koma masiku ena onse galimotoyo imangopita kuntchito n'kukatenga ana kusukulu. Palibe cholakwa pamenepo, koma pepala lanu linene zimenezo, chifukwa ndi limene lidzayankhe mafunso onse akubwerawa.

Chachiwiri: dizilo kapena petulo

Nkhani yaikulu yagona apa. Patrol Y62 ilibe injini ya dizilo ngakhale imodzi. Injini yake yodziwika ndi V8 (ya masilinda 8) ya petulo ya malita 5.6, yopanda turbo, yotulutsa makilowati 298 ndi mphamvu yokoka ya 560 Nm, yolumikizidwa ku giyabokosi yodzisintha yokha ya magiya 7. M'maiko ena a ku Middle East inkagulitsidwanso ndi V6 ya malita 4.0, koma Patrol imene anthu amaikonda ndi ya V8.

Toyota inachita zosiyana. Itasiya V8 ya mu 200, inaika V6 ya ma turbo awiri mu 300. Ya dizilo ndi ya malita 3.3, makilowati 227 ndi 700 Nm. Ya petulo ndi ya malita 3.5, makilowati 305 ndi 650 Nm. Zonse ziwiri zimayenda ndi giyabokosi ya magiya 10. Si msika uliwonse umene umalandira injini zonse ziwiri, choncho funsani imene ilipo kwanuko.

Manambala awiriwa amanena zinthu zosiyana. Makilowati ndi amene mumamva mukaponda mafuta kuti mupitirire lole yaitali pamsewu. Ma Nm ndi amene mumamva mukamanyamuka pachitunda muli ndi ngolo yolemera kumbuyo. Dizilo ya Toyota imapereka mphamvu yake yokoka injini ikuzungulira pang'onopang'ono, n'chifukwa chake imakoka katundu ngati sikuvutika. V8 ya Nissan imafuna kuti izungulire kwambiri kuti ionetse mphamvu zake zonse, ndipo ikatero imathamanga zedi, kulira kwake n'kokoma m'makutu, koma singano ya mafuta nayo imatsika mukuiona.

Tsopano werengerani. Manambala ovomerezeka a ku Australia, komwe galimoto ziwirizi zimagulidwa kwambiri, amati Land Cruiser 300 ya dizilo imamwa malita 8.9 pa makilomita 100, pomwe Patrol V8 imamwa malita 14.4. Pamsewu weniweni zonse zimamwa kuposa pamenepo, makamaka m'tauni, mumchenga kapena mukukoka, koma kusiyana kwake kumakhalabe kwakukulu. Tiyerekeze kuti mumayenda makilomita 20,000 pachaka. Pa manambala amenewa, Toyota imwa malita 1,780 ndipo Nissan imwa malita 2,880. Kusiyana ndi malita 1,100 chaka chilichonse. Chulukitsani ndi mtengo wa mafuta kwanuko, kenako ndi zaka zimene mukufuna kukhala nayo galimotoyo.

Nambala imene mwapezayo muiyerekeze ndi kusiyana kwa mtengo wogulira. M'misika yambiri Patrol Y62 yakhala yotsikirako mtengo kuposa Land Cruiser 300 yofanana nayo pa zinthu za mkati. Ngati mumayenda pang'ono, ndalama zimene mwapulumutsa pogula zikhoza kukugulirani petulo wa zaka zingapo. Ngati mumakhalira pamsewu, dizilo imabweza ndalama zake msanga. Anthu amakangana za izi usiku wonse, chonsecho ndi samu ya mphindi zisanu.

Onaninso mtunda umene thanki imodzi ingakufikitseni. Patrol ili ndi thanki ya malita 140. Land Cruiser 300, m'misika yambiri, ili ndi matanki awiri, ya malita 80 ndi ya 30, pamodzi 110. Ngakhale thanki yake ndi yaing'ono, pa manambala omwe aja Toyota ya dizilo imapitirira makilomita 1,200, pomwe Patrol imalekeza pafupi ndi 970. Kwa munthu woyenda kumene malo omwetsera mafuta ali patalipatali, ichi si chinthu chaching'ono.

Komatu dizilo yamakono ili ndi zovuta zake. Mainjekita ake, tizipangizo topopera mafuta mu injini, amagwira ntchito ndi mphamvu yaikulu kwambiri ndipo sagwirizana ndi mafuta a litsiro kapena osakanikirana ndi madzi. Mukamwetsa dizilo woipa kamodzi kokha, bilu ya kugalaja ikhoza kukuliritsani. M'misika ya malamulo okhwima a utsi, galimotoyi imabweranso ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, yotchedwa DPF, yomwe imadziyeretsa yokha ikatentha mokwanira paulendo wautali. Galimoto yongoyenda timaulendo ta makilomita asanu m'tauni siipatsa mpata sefayo, ndipo m'kupita kwa nthawi imatsekeka. V8 ya Patrol ilibe ma turbo, ilibe DPF. Kwa munthu wa m'tauni amene sayenda kutali, kuphweka kumeneku n'kwamtengo wapatali. Ingofunsani mtundu wa petulo umene bukhu la galimotoyo likulamula, muone ngati umapezeka kumene mumayenda.

Chachitatu: werengani kulemera, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwa

Galimoto zonse ziwiri zimaloledwa kukoka ngolo ya mabuleki yolemera mpaka makilogalamu 3,500. Wogulitsa adzakuuzani nambala imeneyi monyadira. Chimene sadzakuuzani pokhapokha mutafunsa n'chakuti galimotoyo payokha ili ndi malire a kulemera kumene siyenera kupitirira ikadzaza. Nambalayo imatchedwa GVM ndipo imalembedwa pa kachitsulo kapena kapepala ka pa khomo la galimoto. Ku Australia, ya Land Cruiser 300 ndi makilogalamu 3,280 ndipo ya Patrol Y62 wamba ndi 3,500. Patrol ikuoneka ngati yapambana, koma nayonso ndi yolemera kwambiri ikakhala yopanda kanthu, moti malo otsala a katundu sasiyana kwenikweni.

Chitani chonchi. Tengani GVM, muchotsepo kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Chotsalacho ndi chimene mungakweze: anthu, zikwama, madzi, chilichonse. Tiyerekeze Land Cruiser ya makilogalamu 2,600. Mukachotsa pa 3,280 patsala 680. Tsopano mangirirani kalavani ya makilogalamu 3,500. Mphuno ya kalavaniyo imatsamira pa chitsulo chokokera, ndipo kawirikawiri imakanikiza ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, ndiye kuti 350. Kulemera kumeneko kumawerengedwa ngati katundu wa galimoto. Patsala 330. Akuluakulu anayi a makilogalamu 80 aliyense ndi 320. Simunaikemo chikwama, simunaike chitsulo chotchingira kutsogolo, winchi, batire lachiwiri, furiji kapena chonyamulira katundu padenga, koma mwangotsala ndi makilogalamu 10 kuti mufike pa malire.

Galimoto yolemedwa siiima msanga mukaponda mabuleki, matayala ake amatentha, ndipo pakachitika ngozi a inshuwalansi akhoza kukana kulipira. Choncho ngati pepala lanu lija likunena za kukoka, funsani manambala enieni a galimoto imene mukuifunayo, osati a m'kabuku kotsatsira, chifukwa mitundu yodzaza ndi zinthu zapamwamba imalemera kwambiri ndipo imasiya malo ochepa a katundu. Funsaninso malire a galimoto ndi ngolo zikaphatikizidwa. Kukakhala sikelo yoyezera malole pafupi, kayezeni ngolo yanu itadzaza. Ambiri amadabwa.

Chachinayi: gwadani muyang'ane pansi

Kumbuyo kwa Land Cruiser 300 muona ekiselo imodzi yolimba yolumikiza matayala awiri, yokhala pa masipuling'i opota. Kutsogolo tayala lililonse limayenda palokha. Patrol Y62 ndi yosiyana: matayala onse anayi amayenda paokhapaokha, ndipo mitundu yambiri ili ndi makina otchedwa HBMC, mapaipi a oyilo olumikiza mashoko onse anayi, amene amaletsa galimoto kupendekera pokhota popanda zitsulo zopingasa zolumikiza tayala lakumanja ndi lakumanzere, zimene galimoto zina zimadalira.

Pamsewu wa phula ndi pamsewu wafumbi wa tizigwembe, Patrol imayenda mosalala modabwitsa, poganizira kukula kwake. Mumchenga nayonso ndi katswiri, n'chifukwa chake ku mayiko a chipululu amaikonda kwambiri. Pamiyala ndi m'maenje akuya, ekiselo yolimba ya Toyota imathandiza kuti matayala akumbuyo asachoke pansi, ndipo ndi yosavuta kuikonza kapena kuilimbitsa kuti inyamule katundu wolemera. Makaniko wamba amaidziwa bwino ekiselo yotere. Mapaipi a HBMC akaboola, pamafunika munthu woidziwa ntchitoyo.

Kayendedwe ka fowilo nakonso n'kosiyana. Land Cruiser imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, ndipo ili ndi difu yapakati, chipangizo chogawa mphamvu pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, yomwe mungailoke. Patrol ili ndi kabatani kotembenuza pa AUTO, 4H (fowilo wamba) ndi 4L (fowilo ya magiya amphamvu oyenda pang'onopang'ono). Pa AUTO imadalira kwambiri matayala akumbuyo n'kumatumiza mphamvu kutsogolo ikaona kuti pakuterera.

Funso lofunika kwa wogulitsa ndi lakuti: galimoto iyi ili ndi maloko angati a difu? Tayala limodzi likakhala m'mwamba kapena m'thope, limangozungulira pachabe pomwe linzake lomwe lagwira nthaka langoima. Loko wa difu amakakamiza onse awiri kuzungulira limodzi. Patrol zambiri zili ndi loko wakumbuyo. Pa Land Cruiser 300, mtundu wa GR Sport uli ndi loko kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kuphatikizapo makina a E-KDSS amene amamasula zitsulo zopingasa zija kuti matayala atsike ndi kukwera momasuka. Mitundu ina zimatengera msika, choncho musakhutire ndi mawu, onani mabataniwo ndi maso anu.

Muli pomwepo onani malimu. Malimu a mainchesi 20 amakongola, koma tayala lake ndi lopyapyala m'mbali ndipo mwala umaliboola msanga. A mainchesi 18 ndi amene amagwira ntchito m'tchire. Ndipo amene mukuchokera ku Land Cruiser 200 musawerengere malimu anu akale: 200 inali ya mabawuti 5, pomwe 300 ndi ya mabawuti 6.

Chachisanu: pitani ndi banja lonse, ndi tepi yoyezera

Patrol ndi yaikulu. Kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo ndi mamilimita 3,075, pomwe Land Cruiser ndi 2,850, muyezo umene Toyota yakhala ikuusunga kuyambira pa Land Cruiser 80. Kusiyana kwa mamilimita 225 kumeneku mumakumva m'mawondo mukakhala pa mipando yapakati, komanso mu buti. Patrol imakhala ya anthu 7 kapena 8, Land Cruiser ya 5 kapena 7.

Musangosuzumira. Dzutsani mipando yakumbuyo kwenikweni, mulowe inuyo, mutseke chitseko, mukhale mphindi zingapo. Onani pamene mawondo afika, ngati mutu ukugunda denga, ngati mpweya wozizira ukufika kumeneko. Kenako tulukani mutsegule buti mipandoyo ili chidzukire, muone ngati zikwama ziwiri zingalowe. Ngati muli ndi mpando wa mwana, bwerani nawo muumange. Pa mayeso amenewa Patrol imapambana kawirikawiri. Pa za sikirini ndi zamakono za mkati, Y62 imaonetsa ukalamba wake ngakhale inakonzedwa kangapo, ndipo Toyota imaoneka yatsopano. Okonda chitseko chakumbuyo chogawika pawiri cha 200, chija munkatha kukhalapo n'kumamwa madzi, dziwani kuti 300 ili ndi chitseko chimodzi chotsegukira m'mwamba.

Yezani galaja yanu. Zonse ziwiri ndi zotalika pafupifupi mamita asanu kapena kuposerapo, m'lifupi pafupifupi mamita awiri, ndipo msinkhu wake watsala pang'ono kufika mamita awiri musanaike kalikonse padenga.

Chachisanu ndi chimodzi: ziyendetseni tsiku limodzi, msewu umodzi

Mukayendetsa imodzi lero ina sabata yamawa, thupi limaiwala. Pemphani kuti muziyese motsatizana, ndipo msewuwo ukhale ndi chitunda, pokhota, malo a mabampu ndi poimika popanikiza. Zimitsani wailesi. Pitirirani galimoto ina kamodzi kuti mumve mmene giyabokosi ikutsitsira magiya. Pondani mabuleki mwamphamvu pamalo opanda anthu. Bwererani chambuyo kulowa poimikapo, chifukwa ntchito imeneyi muziichita tsiku lililonse. Pamalo a dothi, imani, ikani giya pa N, mulowetse 4L, muyatse maloko, muone ngati timagetsi take tikuyaka n'kukhazikika.

Chachisanu ndi chiwiri: ndani adzaikonze?

Imbirani galaja ya kampani iliyonse mufunse mtengo wa sevisi, kuti imachitika pakapita makilomita angati, ndiponso kuti sipeya ngati pampu ya madzi, galasi lakutsogolo kapena shoko imatenga masiku angati kuti ifike. Funsaninso za m'madera amene mumapitako, osati mumzinda mokha. M'mayiko ambiri Toyota ili ndi magalaja ochuluka kumadera akutali, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Land Cruiser siitsika mtengo msanga ikamagulitsidwanso. Itangotuluka 300, ogula anachuluka moti kumayambiriro kwa 2022 Toyota inachenjeza makasitomala a ku Japan kuti akhoza kudikira zaka zinayi. Choncho pa samu yanu ija onjezani mzere wina: ndikadzaigulitsa, ndidzapezapo zingati?

Ngati mukugula yoyendapo kale

Bukhu la sevisi likhale loyamba. Galimoto yopanda mbiri ya sevisi, ngakhale iwale bwanji, isiyeni. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, muikhudze kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, kenako muilize mukumvetsera. Phokoso la chitsulo kwa masekondi oyamba, utsi wabuluu kapena woyera wosatha, zonsezi ndi mafunso ofunika mayankho.

Lowani pansi ndi tochi. Chasesi yokalikakalika ndi zitsulo zotchingira zophwanyika zikukuuzani kuti galimotoyo yadya miyala. Dzimbiri m'makona a chasesi limanena za madzi a m'nyanja yamchere. Pa Patrol, tsatirani mapaipi a HBMC ndi chala muone ngati pali chinyezi cha oyilo. Pa Land Cruiser ya dizilo, funsani kuti sefa ya mafuta inasinthidwa liti ndiponso ngati nyali ya DPF inayamba yayakapo. Nyamulani kapeti mu buti ndi pansi pa mipando, mununkhize. Thope louma pamenepo kapena fungo la nkhungu ndi chizindikiro chakuti madzi analowapo, ndipo galimoto zodzaza makompyuta ngati izi sizichira bwinobwino zikamira. Onani bowo la chitsulo chokokera: likakhala lodyeka ndi losalala, galimotoyo yakoka kwambiri, ndiye funsani za oyilo wa giyabokosi. Pomaliza lipirani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ailumikize ku kompyuta.

Pali chinthu china chofunika kuchidziwa musanasaine. Mu Seputembala 2024 Nissan inaonetsa Patrol yatsopano, Y63, ku Abu Dhabi komweko. V8 ija yachoka, m'malo mwake mwalowa V6 ya petulo ya malita 3.5 ya ma turbo awiri, yotulutsa makilowati 317 ndi 700 Nm, ndi giyabokosi ya magiya 9. Dizilo mulibebe. Ikufika m'misika nthawi zosiyanasiyana, choncho funsani ngati Patrol imene akukuonetsaniyo ndi Y62 kapena Y63. Mukafuna V8, Y62 ndi yomaliza. Mukafuna zamakono, mwina ndi bwino kudikira, koma masitepe onse tadutsamowa muwabwerezenso ndi manambala a Y63.

Ine ndikanakhala woyenda makilomita ochuluka, wokoka ngolo pafupipafupi, kapena wopita kumene mafuta ndi makaniko zili kutali, ndikanatenga Land Cruiser 300 ya dizilo, ya malimu a mainchesi 18, n'kumasintha sefa ya mafuta nthawi yake isanakwane. Ndikanakhala ndi banja lalikulu, maulendo ambiri a m'tauni ndi ulendo wa kumchenga apo ndi apo, ndikanatenga Patrol, ndalama zotsalazo n'kuziika padera kuti zikhale za petulo.